Kuchoka pa ntchito yoimira boma pa milandu n'kukakhala jaji: njira yake ndi pamene anthu amapunthwa

Funso lachokera kwa mayi wina amene ndi loya wa boma. Iwo alemba kuti: "Ndagwira ntchito yoimira boma pa milandu kwa zaka 4, ndipo ndimalakalaka nditadzakhala jaji wa High Court. Anzanga ena akuti ndisiye ndikalowe umajisitireti chifukwa ndiyo njira yachidule. Ena akuti munthu amene wakhala akumangitsa anthu samukhulupirira pa mpando woweruza. Ndilowere kuti? Komanso achimwene anga ndi apolisi oimira boma kukhoti la majisitireti. Kodi zaka zawo zingawerengedwe?"

Mayi, njira imeneyi ilipo ndipo ena anadutsamo kale. A Andrew Nyirenda anayamba ngati State Advocate ku unduna wa zachilungamo, anakwera mpaka kukhala mkulu wozenga milandu ya boma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 1994 anasankhidwa kukhala jaji wa High Court. Mu 2008 anapita ku Supreme Court of Appeal, mu 2015 anakhala Chief Justice, udindo umene anausiya popuma kumapeto kwa 2021. A Bruno Kalemba, amene anali DPP (Director of Public Prosecutions, mkulu wa oimira boma pa milandu) pamene nkhani ya Cashgate inaphulika mu 2013, nawonso anadzakhala jaji wa High Court. Choncho amene akuti loya wa boma safika pa mpando umenewu akulakwitsa. Koma nkhawa yawo musaitaye kutali, chifukwa muli choona china mkati mwake, ndipo gawo lalikulu la yankho langa likhala pamenepo.

Tiyambe ndi zimene lamulo likunena. Ndime 112 ya malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, imati munthu angakhale jaji ngati anakhalapo jaji wa khoti lokhala ndi mphamvu zomva mlandu wamtundu uliwonse, kapena ngati wakhala wovomerezeka kugwira ntchito ya uloya kwa zaka zosachepera 10. Mawu oti "wovomerezeka" ndi amene muyenera kuwagwiritsitsa. Zaka zimenezi siziyamba tsiku limene munalandira digiri ku Zomba kapena ku Nguludi, ndiponso siziyamba tsiku limene munalembedwa ntchito m'boma. Zimayamba tsiku limene Chief Justice anakulandirani m'gulu la maloya ndipo dzina lanu linalowa m'kaundula. Tengani satifiketi yanu muone deti lake lero lomwe. Alipo anthu amene anachedwa kupempha kulandiridwa chifukwa ntchito inali itapezeka kale, ndipo chaka chimene anazengerezacho chimadzawapweteka pamene malo alengezedwa iwo atatsala ndi miyezi yochepa. Ndime yomweyo ili ndi mbali ina yokuthandizani: munthu amawerengedwabe kuti ndi wovomerezeka ngakhale ali pa udindo umene sumulola kuimira anthu m'khoti, bola ngati sanachotsedwe m'kaundula. Ndiye kuti mukalowa umajisitireti, kapena mukatumizidwa ku ofesi ina ya boma, zaka zanu siziima.

Za achimwene anu yankho ndi lalifupi. Apolisi oimira boma amazenga milandu ndi mphamvu zimene DPP amawapatsa pansi pa ndime 79 ya Criminal Procedure and Evidence Code (lamulo la kazengedwe ka milandu yaupandu ndi umboni), ndipo ndi iwo amene amasenza milandu yambiri ya m'makhoti a majisitireti m'dziko muno. Ambiri amadziwa kufunsa mboni kuposa loya amene wangotuluka kumene kusukulu. Koma zaka zawozo sizilowa m'chiwerengero cha ndime 112, ngakhale zitakhala 20. Ayenera kupeza digiri ya malamulo, kukwaniritsa zimene Legal Education and Legal Practitioners Act ikufuna, kuphatikizapo maphunziro ndi mayeso a ku Malawi Institute of Legal Education kwa amene akukhudzidwa nazo, kenako alandiridwe. Kuwerenga kumayambira pamenepo. Asanalipire fizi kusukulu ina iliyonse, afunse kaye ku Malawi Council of Legal Education ngati digiri ya sukuluyo ndi yovomerezeka.

Kusankha majaji kuli pa ndime 111 ya malamulo aakulu. Jaji wa High Court amasankhidwa ndi Pulezidenti kuchokera pa maina amene Judicial Service Commission yapereka. Majisitireti amasankhidwa ndi Chief Justice, nayenso motsatira komishoni yomweyo. Chief Justice yekha ndi amene dzina lake limapita ku Nyumba ya Malamulo kukavomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu amene alipo ndipo akuvota. Kumapeto kwa 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza Judicial Service Administration Act pamodzi ndi kusintha kwina kwa malamulo aakulu ndi a makhoti, ndipo malamulo amenewa amakhudza kagwiridwe ka ntchito ka komishoniyi ndi kasungidwe ka mwambo pakati pa oweruza. Muwawerenge nokha, osadalira zimene munaphunzira kusukulu. Dziwaninso kuti zaka 10 zimangotsegula chitseko. Pamzere womwewo pamakhala ma Chief Resident Magistrate, ma registrar, maloya oima paokha, aphunzitsi a malamulo ndi akuluakulu a ku Legal Aid Bureau, ndipo malo amapezeka pokhapokha wina akapuma, akakwezedwa, kapena boma likavomera kuwonjezera majaji.

Tsopano umajisitireti. Anzanu akunena zoona kuti majaji ambiri a High Court anadzera kumeneko, ndipo chifukwa chake n'chomveka: komishoni ikafuna kudziwa ngati munthu amatha kuweruza, majisitireti amakhala ndi zigamulo zake zoti n'kuwerenga. Loya akalowa amayamba ngati Resident Magistrate kapena Senior Resident Magistrate, ndipo khoti lake likhoza kupereka chilango chofika zaka 21, pamene First Grade Magistrate amalekezera zaka 14. Milandu ya kupha munthu ndi youkira boma siizengedwa kumeneko, koma yakuba moopseza, yogwiririra, yachinyengo ndi yambiri ya ziphuphu imayambira komweko. Kumeneko mumaphunzira zinthu zimene buku silingakuphunzitseni: kulemba ndi dzanja lanu mawu a mboni pamene womasulira akutembenuza Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka kupita m'Chingerezi, kuona pamene womasulirayo wapotoza tanthauzo, kumva milandu yambiri tsiku limodzi popanda kusakaniza umboni, kufotokozera munthu wopanda loya ufulu wake iye akunjenjemera. Zigamulo zanu zimapitanso ku High Court pa apilo kapena kukaunikidwa pansi pa ndime 15 ya Criminal Procedure and Evidence Code, ndiye majaji amene adzakambe za dzina lanu amakhala akukudziwani kale kudzera m'zolemba zanu. Zimenezi zimathandiza amene amalemba bwino, ndipo zimavulaza amene amalemba mwaulesi.

Kukhalabe loya wa boma kuli ndi mphamvu yakenso. Inu mumaima pamaso pa High Court ndi Supreme Court of Appeal, mumazenga milandu ya kupha anthu, mumayankha ma apilo, mumaona mmene chigamulo chimagwera chikafika pamwamba. Majisitireti saona zimenezi ali pafupi. Maganizo anga ndi akuti musasamuke chifukwa chofuna njira yachidule, popeza zaka 10 sizifupika kulikonse. Samukani ngati mwaona kuti pamene mulipo mwasiya kuphunzira, kuti chaka chino mukuchita zomwezo zimene munachita chaka chatha. Ngati musamuke, chitani mukadali ndi zaka zingapo zoti mukasiye zigamulo zooneka. Kulowa umajisitireti m'chaka cha 9 n'kumayembekeza kuti chaka chimodzi chikusambitsani sikuthandiza.

Chimene chimasowa kwambiri mwa loya wa boma ndi milandu ya sivili. Jaji wa High Court ali ndi mphamvu yomva mlandu wina uliwonse, malinga ndi ndime 108 ya malamulo aakulu, ndipo khotili linagawidwa m'nthambi: ya sivili, ya zamalonda, ya milandu yaupandu, ya mabanja ndi chuma cha masiye, ya misonkho, komanso ya Financial Crimes (milandu ya zachuma) imene inakhazikitsidwa mu 2022. Amene amakuikani m'nthambi ndi Chief Justice, si inu ayi. Mukhoza kulumbira lero, sabata yamawa n'kupezeka ku Mzuzu kapena ku Zomba muli ndi pempho la chiletso pa mkangano wa ufumu, mlandu wa malo, ndi mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake alanda nyumba. Mukhozanso kuikidwa m'gulu la majaji omva nkhani ya malamulo aakulu, monga asanu aja amene pa 3 February 2020 anafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019. Choncho m'zaka 6 zikubwerazi pemphani kuti mukagwireko ntchito ku mbali ya Attorney General imene imaimira boma likasumiridwa, ngakhale kwa zaka ziwiri. Dziwani bwino malamulo a kayendetsedwe ka milandu ya sivili ku High Court a 2017, lamulo la chuma cha masiye la 2011, la maukwati la 2015 ndi malamulo a malo a 2016. Phunzirani kuwerenga mapangano a ngongole ndi mabuku a ndalama za kampani. Digiri yachiwiri ndi yabwino, koma ngati mungasankhe pakati pa iyo ndi zaka ziwiri zozenga milandu ya sivili, ine ndingakulangizeni zachiwirizo.

Tifike pa nkhawa ya anzanu aja. Loya wa boma amakumana ndi mlandu kudzera mu doketi. Asanaone nkhope ya woganiziridwa amakhala atawerenga kale zimene wodandaula ananena, lipoti la kuchipatala, zimene wapolisi wofufuza analemba, mwinanso mbiri ya milandu yakale ya munthuyo. Pofika m'khoti mtima wake umakhala utagamula kale, ndipo ntchito yotsala ndi kukhutiritsa khoti. Akachita zimenezi kwa zaka 10 chimasanduka chizolowezi cha mutu. Jaji alibe doketi. Amadziwa zokhazo zimene zanenedwa m'khoti mboni italumbira, ndi zinthu zimene zalandiridwa ngati umboni. Ngati woimira boma waiwala kufunsa funso lofunika, jaji amene anali loya wa boma amadziwa bwinobwino kuti yankho lake lili mu doketi, tsamba lakutilakuti, ndipo m'kamwa mumayabwa kuti afunse yekha. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Khoti limaloledwa kufunsa kuti limvetse zimene mboni yanena, ndipo ndime 201 ya Criminal Procedure and Evidence Code imalipatsa mphamvu yoitana mboni ngati chilungamo chikufuna. Koma jaji amene watenga ntchito ya woimira boma, n'kumatseka mipata ya umboni ndi mafunso ake, wasiya mpando wake, ndipo chigamulo chake chikhoza kugwa pa apilo ngakhale wozengedwayo anapalamuladi. Taganizani mlandu wogwiririra mwana umene boma latseka umboni wake osabweretsa chilichonse chotsimikiza zaka za mwanayo, kaya buku la kuchipatala, kaya kholo lodziwa tsiku limene anabadwa. Mtima umawawa, chifukwa mwanayo mwamuona ndi maso anu. Koma ndime 187 ya lamulo lomwelo imaika udindo wotsimikiza mlandu pa boma, ndipo ndime 254 imati ngati boma silinaonetse mlandu woti munthu ayankhe, khoti limumasule. Loya wa boma wakale ayenera kuphunzira kulemba chigamulo chotero dzanja lisakunjenjemera.

Chachiwiri ndi umboni wa apolisi. Mwagwira nawo ntchito zaka zambiri, mukudziwa kuti amafufuza alibe galimoto, alibe mafuta, nthawi zina alibe ngakhale pepala. Chifundo chimenechi n'chabwino, koma pa mpando woweruza wapolisi ndi mboni ngati wina aliyense. Vuto limaonekera kwambiri pa caution statement imene munthu akuti anavomera mlandu kupolisi, iye m'khoti n'kumanena kuti anamumenya kapena anangomusainitsa. Ndime 176 ya lamulo lomwelo imalola kuti chikalatacho chilandiridwe, koma imaletsa khoti kuchidalira pokhapokha litakhutira popanda chikaiko kuti ananenadi ndi iyeyo ndiponso kuti zimene zilimo ndi zoona. Ndiye muyenera kufufuza umboni wina wakunja umene ukugwirizana ndi zimene akuti anavomerazo: kodi katundu anapezeka pamene chikalatacho chikunena? Kodi muli zinthu zimene wopalamula yekha akanadziwa? Chimodzimodzi ndi mboni imene ikuti inazindikira wakuba usiku. Makhoti athu amatsatira malangizo a mlandu wa Turnbull wa ku England: panali kuwala kotani, anamuona kwa nthawi yaitali bwanji, anali patali bwanji, ankamudziwa kale kapena ayi. Mboni ikhoza kukhala yoona mtima koma yolakwitsa, ndipo amene wakhala akukonzekeretsa mboni zotere kwa zaka zambiri sachedwa kuiwala zimenezi.

Belo ndi malo ena amene chizolowezi chakale chimatulukira. Woimira boma anazolowera kuima n'kunena kuti "kufufuza kudakali mkati." Kwa jaji mawu amenewa paokha si chifukwa. Ndime 42 ya malamulo aakulu imati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo atulutsidwe pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Wofunika kusonyeza zimenezi ndi boma. Bail Guidelines Act imatchula zoyenera kuyang'ana, monga ngati angathawe, ngati angasokoneze mboni, kapena ngati moyo wake uli pachiopsezo. Palinso malire a masiku osungira munthu pa rimandi mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga ya kupha. Cholakwika china chofala n'kupereka belo ndi dzanja lamanja n'kuilanda ndi lamanzere, potchula ndalama imene mlimi wa kumudzi sangaipeze ngakhale atagulitsa mbuzi zake zonse.

Pa chilango ndiye pamafunika kusintha kwenikweni. Woimira boma amayang'ana kukula kwa mlandu. Jaji amayang'ana mlanduwo, wolakwayo, wolakwiridwa, ndi zimene makhoti ena anapereka pa milandu yofanana. Chilango chachikulu chimene lamulo latchula chimasungidwira mlandu woipitsitsa wa mtundu umenewo. Ndime 339 ndi 340 za Criminal Procedure and Evidence Code zimafuna kuti munthu wopalamula koyamba asatumizidwe kundende khoti lisanaganizire njira zina, ndipo likamutumiza lilembe chifukwa chake. Wovomera mlandu amachotseredwa gawo la chilango, nthawi zambiri mpaka limodzi mwa magawo atatu, koma musanalandire kuvomerako ndime 251 imafuna kuti mutsimikize kuti akumvetsa chimene akuvomera ndi zotsatira zake. Munthu akati "ndikuvomera, koma anayamba ndi iyeyo kundimenya," ameneyo sanavomere. Chiyambire chigamulo cha Kafantayeni mu 2007, ngakhale wopezeka wolakwa pa mlandu wa kupha ayenera kumvedwa pa zinthu zochepetsa chilango, chifukwa chilango cha imfa sichilinso chokakamiza. Ndipo ndikukupemphani, musanakhale pa mpando umenewu, mukalowe m'zipinda za ku Maula kapena ku Chichiri madzulo akaidi atatsekeredwa. Mu 2009, pa mlandu wa Masangano, khoti linanena kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu kumaphwanya ufulu wa munthu. Amene amalemba "zaka 7" ayenera kudziwa kumene akutumiza mnzake.

Zonsezi zimathera pa pepala. Ndime 140 ya lamulo lomwelo imati chigamulo chikhale ndi mfundo zimene khoti likuyenera kugamula, chimene lagamula, ndi zifukwa zake. Loya wa boma anazolowera kulemba zokopa khoti, zoonetsa mbali imodzi. Chigamulo chiyenera kulembedwa moganizira amene waluza, kuti akawerenga aone kuti mfundo yake yamphamvu inamveka ndipo yayankhidwa. Zigamulo zofooka zimadziwika msanga: masamba 15 obwereza zimene mboni iliyonse inanena, kenako chiganizo chimodzi choti khoti lakhulupirira mboni za boma. Chifukwa chiyani lakhulupirira? Nanga zimene wozengedwa ananena, kuti tsikulo anali kumaliro kumudzi kwina, zakanidwa pa chifukwa chanji? Funso limene makhoti athu amafunsa si lakuti nkhani yake ndi yoona kapena ayi, koma ngati ingakhale yoona mwanzeru. Kuchedwa nako ndi matenda. Malamulo a 2017 amapereka masiku 90 kuti chigamulo cha mlandu wa sivili chituluke, ndipo dandaulo lalikulu la anthu pa makhoti athu ndi zigamulo zimene zimagona zaka. Mankhwala ake ndi kulemba mfundo za umboni madzulo a tsiku lomwelo mboni zikadali m'maso, osadikira kuti mlandu wonse uthe.

Ubwino wake ndi woti zonsezi mungayambe kuziphunzira pa desiki imene mulipo. Doketi ikafika, iwerengeni ngati jaji: lembani zinthu zimene lamulo likufuna kuti zitsimikizike pa mlanduwo, pambali pa chilichonse mulembe mboni imene idzachinene. Pamene palibe mboni, bwezani doketi kwa wofufuza ndi malangizo olembedwa, kapena langizani akuluakulu anu kuti mlanduwo usapitirire. Ndime 99 ya malamulo aakulu imapatsa DPP mphamvu yothetsa mlandu, ndipo imafuna kuti apereke zifukwa ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo pasanathe masiku 10; malangizo anu akhale oti angaime pamaso pa komiti imeneyo. Perekani kwa loya wa wozengedwa umboni wonse, ngakhale umene ukufooketsa mlandu wanu. Pa apilo, ngati majisitireti analakwitsa poyera, nenani kuti boma silikuikira kumbuyo chigamulocho. Majaji amakumbukira loya wa boma amene anawauza zoona zitamuipira, ndipo maloya oima paokha, amene mawu awo amamveka kudzera ku Malawi Law Society, amakumbukiranso amene anawabisira chikalata. Paja akulu anati mlandu suwola; doketi imene munaigoneka mu kabati munthu ali pa rimandi zaka zitatu ikhoza kudzatchulidwa tsiku la mafunso a komishoni.

Sungani zolemba zanu zabwino, zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zamitundu yosiyana: ya apilo, ya malamulo aakulu, ya sivili, ndi malangizo amene munalemba mutachotsamo maina. Sungani mndandanda wa milandu imene mwazenga ndi mmene inathera. Mbiri yanu ya ndalama ikhale yoyera, ndipo ngati udindo wanu uli m'gulu la olengeza chuma pansi pa lamulo la 2013, musaphonye chaka. Za ndale za chipani zitalikireni, ngakhale pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, chifukwa zimene munalemba muli ndi zaka 30 zidzawerengedwa ndi loya wofuna kuti muchoke pa mlandu wake muli ndi zaka 50. Pa mafunso a komishoni yembekezerani kuti adzakukanikizani pamene akuganiza kuti ndinu wofooka: zoyenera kuyang'ana popereka chiletso, kusiyana kwa apilo ndi judicial review (pamene khoti liunika ngati a boma anatsata lamulo pa chimene anachita), kagawidwe ka chuma cha munthu womwalira wopanda wilo. Adzafunanso kumva ngati mungagamule motsutsa boma limene lakulipirani zaka zonsezi. Werengani chigamulo cha Gwanda cha 2017, chimene chinathetsa mbali ya ndime 184 ya Penal Code imene apolisi ankamangira anthu ongopezeka akuyenda usiku, ndipo mudzifunse moona mtima ngati mukanachilemba.

Mukadzasankhidwa, chinthu choyamba ndi kudzipatula ku mafayilo akale. Mlandu uliwonse umene munaugwirapo, kaya munangopereka malangizo, kaya munasaina chikalata chimodzi, simungaumve. Lembani mndandanda wake mupereke kwa registrar musanayambe kulandira mafayilo, kuti zisadzatulukire mlandu uli pakati mboni zitayenda kale ulendo wochokera ku Nsanje kapena ku Chitipa. Pamene simukutsimikiza, ululani m'khoti mbali zonse zikumva, ndipo muyeso ndi wakuti munthu wanzeru wodziwa nkhani yonse angaganize kuti mwina mukondera. Anzanu a ku ofesi yakale adzaima pamaso panu, ena amene munkadya nawo nsima ya masana. Sangalowe mu chemba chanu okha popanda loya wa mbali inayo, ndipo akapempha kuti mlandu uimitsidwe kachitatu chifukwa mboni sizinabwere, muyenera kuwayankha monga mungayankhire mlendo. Ena amapitirira mbali inayo, n'kumakhwimitsa dala zinthu kwa boma kuti aoneke kuti sakukondera. Kumenekonso ndi kukondera.

Mpandowu uli ndi chitetezo chake. Malipiro a jaji sangachepetsedwe iye asanavomere, ndipo ndime 119 ya malamulo aakulu imalola kumuchotsa pa zifukwa zokhazo zimene imatchula, monga kulephera ntchito kapena khalidwe loipa, kudzera m'ndondomeko yokhazikika. Chitetezochi chinayesedwapo: mu 2001 Nyumba ya Malamulo inafuna kuchotsa majaji atatu, ndipo mu June 2020 boma linalengeza kuti a Nyirenda apite kutchuthi chodikira kupuma, koma High Court inaletsa zimenezo. Mtengo wake ndi woti moyo umachepa. Kumaliro, kutchalitchi kapena kumzikiti, kuukwati, kudzapezeka wachibale wa wina amene ali ndi mlandu akufuna "kungokupatsani moni." Banja lanu liyenera kudziwiratu kuti nkhuku kapena thumba la mpunga lochokera kwa munthu wosadziwika silirandiridwa pakhomo, ndipo wobwera ndi nkhani ya fayilo auzidwe kuti apite ku registry. Kambiranani zimenezi ndi a kunyumba kwanu, ndi achimwene anu apolisi aja, dzina lanu lisanapite n'komwe ku komishoni, chifukwa mlandu umene iwo anazengapo kwa majisitireti ukadzabwera pa apilo, inu mudzayenera kuupereka kwa jaji wina.